Kodi owerenga angalipire anthu oti aziyang'anira manyuzipepala ndi wailesi?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Katete, amene ndi mlembi wa kopaletivu ya alimi. Iwo alemba kuti: "Pa wailesi ina imene timamvera kwathu kuno, pulogalamu ya zaulimi imalipiridwa ndi kampani yogula thonje, ndipo madandaulo athu okhudza mitengo ndi kuchedwa kwa malipiro samveka pa pulogalamuyo. Manyuzipepala a ku Lusaka nawo amatikumbukira pa Nc'wala, pa Kulamba, kapena kukabwera andale. Mwana wanga akuti kumayiko ena kuli magulu amene ntchito yawo ndi kufufuza ndi kudzudzula nyumba zofalitsa nkhani, ndipo amalipidwa ndi owerenga okhaokha. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo zingatheke kuno? Kapena nawonso ndi ogulidwa basi?"

Bambo, mwana wanu sanakunamizeni. Magulu otere alipo ndithu, ndipo ena mwa iwo agwira ntchitoyi kwa zaka zoposa 20 osalandira ngakhale ngwee imodzi kuchokera kwa otsatsa malonda. Koma pa funso lanu lomalizalo ndiyankha mosabisa mawu. Ndalama za owerenga zimamasula wodzudzula ku mantha otaya malonda, koma pazokha sizimusandutsa munthu wachilungamo. Chimene chimachititsa mkonzi wa nyuzipepala kapena mkulu wa wailesi kusintha ndi umboni umene sangathe kuukana, ndipo zopereka za owerenga zimakhala ndi phindu pokhapokha ngati zikulipirira nthawi yosonkhanitsira umboni umenewo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene madandaulo anu samvekera. Inu omvera simulipira wailesi kanthu. Ndalama zolipirira magetsi a ZESCO, dizilo wa jenereta magetsi akazima, laisensi ya IBA (bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema) ndi malipiro a antchito zimachokera kwa amene amagula nthawi pa wailesipo, ndipo m'matauni monga Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi ogula nthawi ndi owerengeka: makampani a mbewu ndi feteleza, ogula thonje ndi fodya, makampani a mafoni, mabungwe omwe si aboma, mipingo, komanso andale nyengo ya kampeni ikafika. Wailesi ikakhumudwitsa mmodzi mwa amenewa, zikhoza kutheka kuti mwezi umenewo antchito salandira. N'chifukwa chake nthawi zambiri palibe munthu wa ku kampani amene amachita kuimba foni kuti nkhani yakutiyakuti isaulutsidwe. Woulutsa mawu amadziwa yekha kumene malipiro ake akuchokera, ndipo foni ya mlimi wokwiya ikalowa amaifupikitsa n'kunena kuti nthawi yatha. Edward Herman ndi Noam Chomsky analongosola zimenezi m'buku lawo la mu 1988 lotchedwa Manufacturing Consent, pamene anaonetsa kuti mwini wa nyumba yofalitsa nkhani, otsatsa malonda, ndi chizolowezi cha atolankhani chodalira akuluakulu a boma ndi a makampani kuti awauze nkhani, zimasankha zimene anthu amve popanda wina kulamula poyera. Iwo ankanena za dziko la America, koma mlimi wa thonje wa ku Katete angazizindikire msanga.

Musaganize kuti vutoli ndi la wailesi zosauka zokha. Mu February 2015, Peter Oborne, amene anali mlembi wamkulu wa nkhani zandale ku nyuzipepala ya Daily Telegraph ku London, anasiya ntchito n'kunena poyera kuti nyuzipepalayo inkapeputsa dala nkhani za banki ya HSBC, yomwe nthambi yake ya ku Switzerland inkanenedwa kuti imathandiza anthu olemera kuzemba msonkho, chifukwa choopa kutaya malonda a bankiyo. Akuluakulu a nyuzipepalayo anakana. Komabe owerenga anatha kuika Telegraph pambali pa manyuzipepala ena a masiku omwewo n'kuona okha kukula kwa malo amene nkhaniyo inapatsidwa.

Kuno kwathu pali chinthu china chimene magulu a ku Ulaya ndi ku America salimbana nacho kwambiri, ndipo amene angangokopera njira zawo osachiganizira adzaphonya. Thumba lalikulu koposa m'Zambia si la kampani iliyonse ayi, ndi la boma. Boma ndi mwini wa ZNBC, Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, ndi wotsatsa malonda wamkulu kudzera m'maunduna ndi makampani ake, komanso ndi limene limatolera msonkho ndi kupereka malaisensi. Mu June 2016 a ZRA anatseka nyuzipepala ya The Post ponena kuti ili ndi ngongole ya msonkho yoposa K50 miliyoni, kutangotsala milungu ingapo kuti kuchitike chisankho cha pa 11 August, ndipo eni ake ankati nkhaniyo inali yandale. Chisankhocho chitangotha, IBA inaimitsa Muvi TV, Komboni Radio ndi wailesi ya ku Itezhi Tezhi. Mu March 2020 boma linalengeza kuti lasiya kugwira ntchito ndi Prime TV, mwini wake atakana kuulutsa mauthenga a Covid-19 kwaulere ponena kuti boma linali lisanalipire ngongole zakale, ndipo mu April IBA inalanda laisensi ya kanemayo, imene inabwerera mu 2021 boma litasintha. Wodzudzula nyumba zofalitsa nkhani m'Zambia ayenera kuyang'ana matumba onse awiri, la kampani ndi la boma, ndipo ayeneranso kusamala kuti mawu ake asasanduke chida chimene olamulira angatsekere wailesi imene sakuifuna.

Tsopano za magulu amene mwana wanu wamva. Limodzi mwa akale odziwika bwino ndi FAIR, limene linayamba ku New York mu 1986, ndipo mphamvu yake yagona pa kuwerengetsa. Chitsanzo chimene ndimachikonda n'cha mu 2003. M'milungu iwiri yozungulira tsiku la 5 February, pamene Colin Powell, amene anali nduna ya zakunja ya America, anauza bungwe la United Nations kuti dziko la Iraq lili ndi zida zopha anthu ambiri nthawi imodzi, gululi linalemba munthu aliyense amene anaoneka akulankhula za Iraq pa nkhani zamadzulo za makanema a ku America a ABC, CBS, NBC ndi PBS. Anapezeka anthu 393, ndipo atatu okha mwa iwo ndi amene anali ochokera m'magulu otsutsa nkhondo. Palibe amene anatukwanidwa, palibenso amene ananenedwa kuti walandira chiphuphu. Chiwerengerocho chinali chokwanira.

Ku Britain kuli Media Lens, imene David Edwards ndi David Cromwell anayambitsa mu 2001, ndipo imayendera zopereka za owerenga. Njira yawo ndi kulembera mtolankhani kapena mkonzi, makamaka a BBC ndi The Guardian, kumufunsa chifukwa chake anasiya mfundo yakutiyakuti, kenaka kufalitsa funsolo pamodzi ndi yankho lake, n'kupempha owerenga kuti nawonso alembe mwaulemu. Anasankha dala nyumba zimene anthu amazikhulupirira, poganiza kuti cholakwa cha nyumba yodalirika chimawononga kwambiri kuposa bodza la nyuzipepala imene aliyense amaidziwa kuti ndi ya mijedo. Ku France, pulogalamu ya Daniel Schneidermann yotchedwa Arrêt sur images, imene inkaunika m'mene makanema amaulutsira nkhani, inachotsedwa pa kanema wa boma wa France 5 mu 2007, ndipo oonera analipira okha kuti ipitirire pa intaneti kuyambira mu 2008. Ku India kuli Newslaundry, yoyamba mu 2012, yomwe imakana malonda n'kudalira olembetsa, ndipo mu 2021 inachezeredwa ndi akuluakulu a zamsonkho, zimene zikusonyeza kuti kukana malonda sikutchinjiriza munthu ku mkono wa boma.

Kodi magulu amenewa asintha chiyani? Apa ndisakulonjezeni zambiri. Nyuzipepala ya New York Times inavomereza mu May 2004 kuti nkhani zake zina za zida za ku Iraq sizinafufuzidwe mokwanira, koma inatero zida zija zitasowa, osati chifukwa chakuti odzudzula anali ataichenjeza kale. Nyuzipepala ya News of the World ya Rupert Murdoch inatsekedwa mu July 2011, patapita zaka 168 chiyambire, chifukwa cha mlandu womvetsera mobisa mauthenga a m'mafoni a anthu, ndipo amene anafukula nkhaniyo anali Nick Davies, mtolankhani wa The Guardian, pomwe chimene chinaigwetsa msanga n'chakuti otsatsa malonda anayamba kuithawa anthu atakwiya. Ku South Africa, Sunday Times inapepesa mu October 2018 pa nkhani zingapo zikuluzikulu zimene inazilemba mosocheretsedwa, kuphatikizapo ya gulu lachinsinsi limene ankati lili m'bungwe lotolera msonkho la SARS, koma panthawiyo anthu osalakwa anali atachotsedwa kale ntchito. Pamene owerenga anaonetsa mphamvu zawo mwachindunji ndi mu October 2024, pamene Washington Post ya Jeff Bezos inaletsa akonzi ake kunena amene akumuvomereza pa chisankho cha pulezidenti, ndipo olembetsa oposa 200,000 anasiya kulipira m'masiku ochepa. Mukaziika pamodzi, muona kuti wodzudzula sagwetsa nyumba yofalitsa nkhani payekha. Ntchito yake yaikulu ndi kusunga mbiri ya zimene zinanenedwa ndi zimene zinasiyidwa, kuti tsiku limene zoona zidzatuluke pasakhale wonena kuti palibe amene akanadziwa.

Ndifike pa nkhawa yanu yakuti nawonso angakhale ogulidwa. Angathe, ndipo wowagula amakhala owerenga omwewo. Munthu amene amatulutsa ndalama m'thumba mwake kuti nyuzipepala idzudzulidwe nthawi zambiri amakhala kuti wakwiya kale ndi nyuzipepalayo, ndipo amafuna kumva kuti mkwiyo wake ndi wolondola. Wodzudzula akaona kuti zopereka zimachuluka akakalipira mbali imodzi, n'kuchepa akakalipira mbali inayo, amayamba kusankha nkhani monga m'mene woulutsa mawu uja amafupikitsira foni yanu. Media Lens yeniyeniyo yadzudzulidwapo ndi atolankhani, kuphatikizapo George Monbiot wa The Guardian, kuti imaona msanga zolakwa za mayiko a azungu koma imapeputsa za adani awo. Kaya mukugwirizana nawo kapena ayi, chidzudzulo chotere sichiyenera kunyozedwa. Kuno kwathu, kumene pafupifupi nyuzipepala iliyonse anthu amaiika kale m'gulu la chipani chakuti kapena chakuti, ngoziyi ndi yaikulu koposa. Gulu limene opereka ake onse ndi otsatira chipani chimodzi lidzaona kukondera kwa ZNBC chipani chawo chikakhala kunja kwa boma, n'kusiya kukuona chikangolowa. Taona kale anthu ambiri akusintha motero boma litasintha mu 2011 ndiponso mu 2021.

Choncho gulu lotere muliyese ndi zinthu zooneka. Kodi limafalitsa ndalama zonse zimene lalandira ndi m'mene zagwirira ntchito? Kodi pali munthu mmodzi, wabizinesi kapena wandale, amene chopereka chake chokha chingaimitse gululo atachichotsa? Ngati alipo, gululo ndi lake, ngakhale opereka ena atakhala mazana. Mabungwe akunja amene amathandiza atolankhani, monga amene amathandiza ntchito zofufuza ndi zotsimikizira nkhani ku Lusaka, nawonso ali ndi nkhani zimene amazikonda ndi zina zimene sazilipirira, choncho dzina lawo liyenera kulembedwa poyera. Ndipo chachikulu pa zonse, kodi gululo limapatsa wodzudzulidwa mpata woyankha, ndipo likalakwa limakonza poyera pamalo omwewo pamene linalakwira?

Kuti zingatheke kuno, ine ndikuti zingatheke, koma pa msinkhu waung'ono kusiyana ndi umene anthu amaulota. Chizolowezi cholipirira wailesi ndi manja athu sichachilendo m'chigawo chino. Radio Maria ku Chipata imayendera zopereka za omvera, ndipo amene anamvapo Mariathon, nyengo yake yotolera zopereka pa wailesi, akudziwa kuti amayi a m'miphakati amapereka pang'onopang'ono mpaka ndalama kukwana. Aliyense amene amalipira TV levy pamwezi akulipirira kale ZNBC, ndipo zimenezo zimamupatsa ufulu wofunsa chifukwa chake nkhani zamadzulo zimayamba ndi nduna n'kuthera pa nduna. Airtel Money ndi MTN MoMo zachotsa vuto lotolera ndalama kumidzi. Tiyerekeze kuti anthu 300 akupereka K20 aliyense pamwezi: imeneyo ndi K6,000, yosakwanira kutsegula ofesi, koma yokwanira kulipira munthu mmodzi wosamala, mabandulo a intaneti ndi ulendo wa basi. Ndikuchenjezeni za nyengo zokha. Mlimi amakhala ndi ndalama kuyambira May mpaka August, ndipo mu January ndi February ndalama iliyonse imapita ku ufa, ku feteleza wobereketsa ndi ku sukulu. Amene adzakopere njira ya ku Ulaya yolipira mwezi ndi mwezi adzaona opereka akutha mvula ikangoyamba. Kuno n'kwanzeru kutolera chopereka cha chaka chonse nthawi yogulitsa mbewu, kudzera m'makopaletivu ndi m'magulu a banki ya m'mudzi amene ali kale ndi mabuku ndi asungichuma odalirika.

Koma inu, bambo, simufunika kudikira gulu lililonse kuti muyambe pa nkhani ya pulogalamu yanu. Jambulani pulogalamuyo pa foni sabata iliyonse kwa nyengo yonse yogulitsa thonje. M'kope mulembe tsiku, amene analankhula, udindo wake, ndi mphindi zimene anapatsidwa: woimira kampani zingati, mlangizi wa boma zingati, mlimi wamba zingati. Mulembenso mafoni amene analowa, zimene anafunsa, ndi amene anadulidwa. Alimi anzanu amene anatumiza madandaulo asunge mauthenga awo ndi masiku ake, pamodzi ndi malisiti osonyeza tsiku limene anapereka thonje ndi tsiku limene analandira ndalama. Ntchitoyi ikufanana ndi kuyesa sikelo ya vendor amene mukumukayikira: simuyamba ndi kumutchula wakuba, mumangoikapo thumba limene kulemera kwake mukukudziwa kale, aliyense n'kuona. Mwina mudzapeza kuti kukondera n'kwakukulu kuposa m'mene mumaganizira, mwinanso mudzapeza kuti madandaulo ena anaulutsidwa tsiku limene inu munali kumunda, ndipo zimenezonso muyenera kuzilemba.

Mukatero, lemberani mkulu wa wailesiyo kalata yaulemu m'dzina la kopaletivu, muikemo ziwerengerozo, mumupatse nthawi yoyankha. Ndondomeko ya IBA nayonso imafuna kuti dandaulo liyambe lapita ku wailesi yeniyeniyo lisanafike kwa iwo, ndipo ine ndikanakonda kuti nkhani yotere ithere pa wailesipo, pa zifukwa zimene ndatchula kale za The Post ndi Prime TV. A MISA Zambia, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani, angakuthandizeninso kudziwa kumene madandaulo okhudza khalidwe la atolankhani amapita. Samalani mawu anu. Lamulo loletsa kunyoza Pulezidenti linachotsedwa mu December 2022, koma malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu kapena kampani akadalipo, ndipo zolembedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp zingakufikitseni kukhoti monga za m'nyuzipepala. Kunena kuti woimira kampani anapatsidwa mphindi 40 pomwe alimi anapatsidwa 5 ndi mfundo imene mungaitsimikize ndi zojambula zanu. Kunena kuti woulutsa mawu wadya ndalama za kampani ndi mlandu umene mulibe nawo umboni. Palinso chida chatsopano chimene anthu sanayambe kuchigwiritsa ntchito mokwanira, ndicho lamulo la Access to Information limene linasainidwa mu December 2023: gulu la owerenga lingalembere unduna kapena khonsolo kufunsa ndalama zimene inawononga pa malonda ndi nyumba zimene zinalandira, ndipo yankho lake lingafotokoze zambiri za chifukwa chake nkhani zina sizimveka.

Chonde musalunjikitse mkwiyo wanu kwa mnyamata kapena mtsikana amene ali pa maikolofoni. Ambiri ogwira ntchito pa wailesi za m'maboma amalandira zochepa kwambiri, ena ndi ongodzipereka, ndipo blalizo, ndalama ya m'envulopu imene amapatsidwa pa misonkhano ya mabungwe ndi ya andale ndiyo imawafikitsa kumapeto kwa mwezi. Chizolowezichi n'choipa, chifukwa wopereka envulopu ndiye amalembedwa, koma amene ayenera kuyankhapo ndi eni wailesi amene amatuma munthu kukatola nkhani opanda ndalama ya basi. Nkhani ya manyuzipepala a ku Lusaka nayo ili pomwepa. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 500, ndipo nyuzipepala imene ilibe mtolankhani wolipidwa kuno imabwera pokhapokha wina akaipatsa mpando m'galimoto, monga zimachitikira pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi pa Kulamba ku Mkaika mu August. Kudzudzula kokha sikungakonze zimenezo. Chingathandize n'chakuti ndalama za owerenga zilipire mtolankhani wa konkuno.

Tisaiwalenso kuti wailesi yamalonda ikhoza kunyamula madandaulo a anthu ngati mwini wake wasankha kutero. Breeze FM, imene Mike Daka anayambitsa ku Chipata kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inadziwika kwambiri ndi woulutsa mawu wotchedwa Gogo Breeze, amene kwa zaka zambiri ankawerenga makalata a omvera n'kupita yekha kukafunsa ofesi kapena bwana amene wadandauliridwa, mpaka katswiri wa maphunziro a chikhalidwe Harri Englund analemba buku lonse la ntchito yakeyo mu 2018. Omvera ankaikhulupirira wailesiyo chifukwa cha zimenezo, ndipo chikhulupiriro cha omvera ndicho chimene wailesi imagulitsa kwa otsatsa malonda. Mfundo imeneyi muitchule m'kalata yanu, popeza mkulu wa wailesi amaimva msanga kuposa mawu a ufulu wa anthu.

M'kalatamo musapemphe kuti kampani ichotsedwe pa pulogalamu, chifukwa wailesi singavomere kutaya ndalama zimenezo ndipo alimi amapindulanso ndi malangizo ena a pa pulogalamuyo. Pemphani kuti woulutsa azinena momveka, poyamba ndi pomaliza, kuti pulogalamuyi yalipiridwa ndi kampani yakuti, kuti omvera asaiyese nkhani za wailesi. Pemphaninso kuti nkhani za mitengo ndi malipiro a thonje zizilowa m'nkhani za tsiku ndi tsiku, kumene kampani ilibe ulamuliro, ndipo kampaniyo izipatsidwa mpata woyankha monga wina aliyense. Akakana zonse ziwiri, funsani mtengo wa theka la ola pa sabata, muuike pa msonkhano wa makopaletivu a m'dera lanu nthawi yogulitsa ikayandikira, mugule nthawi yanuyanu, ndipo mgwirizano wake ulembedwe kuti wailesi siidzachotsa funso lililonse limene lili ndi lisiti kumbuyo kwake.